Pikapu ya Sosaite Yaima ndi Maliro Pamsana

Aphungu,

Ndine msungichuma wa sosaite yathu ya maliro kuno ku Tafara, mumzinda wa Halale, ya ife ochokera ku Dedza. Tinatopa ndi kubwereka lole ya eni tikaona zovuta, ndiye mamembala anandituma kukagula pikapu yathuyathu. Ndinapita kwa bambo Laston, amene amagulitsa magalimoto akale kuseri kwa nyumba yawo ku Glen Norah. Ndi akwathu, midzi yathu imamwa mtsinje umodzi, komanso ndi mkulu wa mpingo.

Tinapeza injini ikulira kale. Ndinali ndi mlamu wanga Alufandika, wokonza mathirakitala, koma atangogwira boneti, bambo Laston anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, mwandibweretsera wapolisi pakhomo panga?" Ndinachita manyazi, ndinauza mlamu kuti asiye. Lisiti sindinapemphe. Tinagwirana chanza, iwo n'kupempherera galimotoyo.

Sabata yachitatu tinanyamula maliro a mayi Olinda. Mukudziwa kuti wolira sabwezedwa, ndiye kumbuyo kunakwera anthu khumi ndi asanu ndi anayi, kuphatikizapo bokosi. Pachitunda injini inayamba kugogoda, utsi wabuluu tolo, basi zii. Amuna anasenza bokosi pamapewa mpaka kumanda, anthu m'mbali mwa msewu akuseka kuti Mabulandaya, monga amatitchulira kuno, agula ngolo aiwala bulu.

Alufandika atatsegula anapeza oyilo wolimba ngati phala, ndipo akuti zitsulo za m'kati zinadyeka kalekale. Bambo Laston akukana. Akuti ndinadzaza anthu, akuti zipangizo zikusowa chifukwa cha masankishoni amene maiko akunja anaikira dziko lino, kenaka ananunkhiza pathanki n'kufunsa kuti, "Nanga umu munathira chiyani?" Apa ndiye pamene pali vuto langa, Aphungu. Makuponi ogulira petulo anali atatha, ndiye ndinaonjezera palafini. Kamodzi kokha. Chabwino, kawiri. Akudziwa ndi mayi a kunyumba okha, ndi bambo Lastonwo.

Lamlungu lomaliza la mwezi uno kuli msonkhano, ndipo ena ayamba kale kunong'ona kuti ine ndi bambo Laston tinagawana. Zaka khumi ndi ziwiri ndasunga thumba la anthu popanda kutayapo ngakhale kandalama ka tiki. Sindikugona. Nditani?

Y.M., Tafara

Bambo Y.M.,

Munatenga makaniko kuchokera ku Tafara, kudutsa naye Halale yense mpaka ku Glen Norah, kuti akaonerere pemphero? Ine ndawerenga kalata yanu katatu, ndipo ulendo uliwonse ndikafika pa boneti paja ndimayamba ndaika pepala pansi. Wogulitsa amene amatenthetsa injini wogula asanafike amakhala akubisa mmene imavutira kudzuka m'mawa. Oyilo wolimbayo ntchito yake ndi kutseka pakamwa zitsulo zotha kuti zisalire. Izi amachita a ku Dedza, a ku Tete, ngakhale azungu a m'tauni. Kumwa mtsinje umodzi sikulowa mu injini.

Koma musadziyeretse. Palafini si mafuta a galimoto, ndipo anthu khumi ndi asanu ndi anayi ndi katundu wa basi. Munamenya wodwala. Chimene chikufunika kudziwika n'chakuti anadwala liti, ndipo ine sindikhulupirira kuti zitsulo zingadyeke chotero m'masabata atatu.

Ndiye chitani izi. Pezani makaniko wina, osati mlamu wanu, osati wa mpingo wanu, makamaka Mshona amene sadziwa n'komwe kumene kuli Dedza. Aone injiniyo, alembe papepala zimene wapeza, asayine. Musalole bambo Laston kukoka galimotoyo kupita nayo kwawo izi zisanachitike, chifukwa oyiloyo ndiye mboni yanu yaikulu. Sungani wina m'botolo.

Za khoti ndisakunamizeni. Mulibe lisiti, ndipo mlandu wa kugwirana chanza umatha nsapato usanathe. Koma chimene chinakumangani manja chikhozanso kuwamanga iwo. Munthu amene anagulitsa galimoto ndi pemphero angathe kufunsidwa ndi anzake opemphera nawo. Tengani wapampando wa sosaite, akulu a mpingo awiri, Alufandika ndi pepala lija, mupite masana, mwaulemu. Musakatchule mawu akuti wakuba. Kapempheni chinthu chimodzi chomveka: akonze injini, zipangizo zikhale zawo, kapena akupatseni galimoto ina imene makaniko wanu wayamba waiona ili yozizira. Mukagwirizana, lembani, onse asayine. Akadzatinso mwabweretsa wapolisi, muwayankhe kuti ndalama ndi za amasiye, si zanu, ndipo amasiye amafuna pepala.

Sosaite nayo ipangane chiwerengero cha okwera, ndipo wobweza anthu akhale wapampando, kuti mwano usakhale wa dalaivala.

Tsopano chenjezo langa. Bambo Laston akusunga nkhani ya palafini ngati mpeni m'thumba, ndipo adzautulutsa tsiku limene mudzawapanikize pamaso pa anthu. Mamembala akadzaimva kwa iwo, adzafunsa kuti china chimene munabisa n'chiyani, ndipo zaka zanu khumi ndi ziwiri zidzathera pomwepo. Pamsonkhanopo imirirani inu poyamba, nkhani ya injini isanayambe, munene ndi pakamwa panu. Ndipo munene kuti kawiri.