Piritsi m'phala la a Enock

Lamlungu, 9 Malichi

Amuna anga a Enock abwera kuchokera kutenti ya mneneri wa ku Naisi ali ochira. Akutero eniake. Bipi ya zaka zisanu ndi ziwiri yatha ndi kuwauzira mpweya kamodzi pamphumi. Mapiritsi awataya m'damu lathu la nsomba. Ati, "Kumwa mankhwala utachira n'kumuyesa Mulungu wabodza." Chaka chatha anagwa m'dimba, pakamwa kupotoka. Ndili ndi mantha.

Lachiwiri, 11 Malichi

Nsomba zafatsa. Ndikawaza madeya zikumabwera mwaulemu ngati akuluampingo. Paketi ina ya mapiritsi ndinabisa m'chitini cha nsinjiro. Lero piritsi limodzi, kusinja ndi supuni, m'phala. Ndinalipempherera kaye. Kaya pemphero lotere limafika.

Loweruka, 22 Malichi

A Bushra a pagolosale ali ndi makina oyezera bipi. A Enock akana kuyezedwa. Ati zoyezayeza n'za Tomasi. Ndinati Tomasiyo Ambuye anamulola kukhudza, sanamuthamangitse. Anandiyang'ana ngati ndaba nkhuku. Tawayeza masana ali mtulo pansi pa mango, a Bushra atagwira mkono, ine ndikuimba nyimbo ya Mvano kuti makinawo asamveke. Yatsika.

Lamlungu, 6 Epulo

Ndinalakwa kuwauza a Enock kuti bipi yatsika. Kuyeza kuja tsopano si tchimo, ndi umboni. Aimirira m'tchalitchi, manambala atalemba pachikhatho. Anthu ameni, ameni. Abusa anayesa kunena kuti chikhulupiriro sichiopa chipatala, palibe anawamva. Potuluka, mayi Agatha odwala shuga aja anandifunsa ngati damu lathu likulandirabe mankhwala. Ndinawakokera kuseri kwa tchalitchi, ndinaulula zonse. Ati, "Ndiye wachiza ndani, Mulungu kapena supuni?" Sindikudziwa. Supuniyo ndimaigwira ndikupemphera.

Lachinayi, 10 Epulo

Mapiritsi atsala anayi. Kuchipatala akuti abwere mwiniwake ndi buku lake. Munthu wochira umamuuza bwanji zimenezo? Ndikaulula, ndithyola chimene chawasangalatsa mwezi wonse. Ndikakhala chete, za m'dimba zija. Ndalira ndikutsuka mbale.

Lolemba, 14 Epulo

Piritsi lomaliza. Sindinasinje bwino. Kachidutswa koyera mbee pamwamba pa phala. A Enock anakaona. Anakakankhira pansi ndi supuni, n'kumaliza mbale yonse, n'kupukuta pakamwa. Kenako jekete, nsapato za kutchalitchi, Baibulo m'khwapa. M'Baibulomo buku la kuchipatala likusuzumira.

Ati, "Mayi a Success, ine ndinachira, pamenepo sindikayika. Koma tiyeni tikatenge nsinjiro zanu zija."

Anadziwa liti? Sindinafunse. Akundidikira pakhomo, ine mpango sindikuuona