Tinsapato ta Maiara

LACHIWIRI

09:12 Jucilene: achimwene muli pa netiweki?

09:12 Jucilene: ndili kuchipatala ndi Maiara. watupa nkhope yonse, maso sakutseguka

09:31 Jucilene: achimwene yankhani chonde

11:47 Erivan: ndangokwera kumene pachitunda, kunyumba foni sigwira ukudziwa. mwana watani??

11:48 Jucilene: tinsapato ta labala tomwe ababa anamupangira tinafika dzulo pa basi ya ku Xapuri. lero ndamuveka popita ku sukulu ya mkaka. tisanafike ndi pageti pomwe wayamba kukanda mapazi, kenako kupuma mochita kulira m'chifuwa

11:49 Erivan: ayi Juci sizingakhale nsapato. mwina munalowa kachilombo

11:50 Jucilene: ndinakutumula, munalibe kanthu. munapakamo guluu wanji?

11:52 Erivan: guluu wa chani? ababa sagwira guluu wa m'sitolo. ndi mkaka wa mtengo wa labala basi, kuthira pa chikombole, kuumitsa pa utsi, kuthiranso. masiku anayi ali m'chisakasa cha utsi chifukwa cha tinsapato timeneto

11:53 Erivan: pano ali bwnj?

12:20 Jucilene: amubaya jakisoni. akupuma. wagona

14:05 Jucilene: adokotala akuti thupi lake limadana ndi labala wa mumtengo. mukukumbuka baluni ya pa tsiku lake lobadwa, milomo ija inatupa? tinkati ndi chinanazi. anesi avula magolovesi awo avala ena asanamugwire. akuti ulendo wina akhoza kubanika osadzukanso

14:09 Erivan: mdzukulu wa ababa Ozório, katswiri wa labala, kudana ndi labala. Mulungu wanga

14:10 Jucilene: musawauze kaye

LACHITATU

10:02 Erivan: ababa akwera nane. akufuna akulankhule, sindinanene kanthu

10:03 Erivan: 🎤 mawu, 0:34
"Jucilene mwana wanga, ndine bambo ako. Katundu uja wafika? Ndinayeza ndi kachingwe kaja unatumiza, koma ndinaonjezera chala chimodzi poti mapazi a mwana sagona. Umuuze kuti agogo ake akuti adumphe nato m'matope mmene angafunire, madzi salowa. Amayi ako ndinawapangira zotero tisanakwatirane. Undijambulire ali chivalire."

10:15 Jucilene: auzeni kuti tamukwana bwino. chithunzi ndijambula mawa

10:16 Erivan: ukufuna ndiwanamize ine?

10:16 Jucilene: lero lokha

10:17 Erivan: ndawauza. akuseka okha apa

LACHISANU

15:40 Erivan: Juci zinthu zikupita patali. dzulo ababa amaliza kupanga mpira wa Maiara. lero akupaka labala pa nsalu akuti kachikwama koti azinyamulira mabuku mvula isanyowetse. akuti mukabwera pa chikondwerero cha São João akapita naye kunkhalango akamuonetse katemedwe ka khungwa la mtengo kuti mkaka utuluke

15:44 Jucilene: sitibwera

15:44 Erivan: wati chani

15:46 Jucilene: nyumba imeneyo ndi labala yekhayekha achimwene. ndowa, zingwe, nsalu ya patebulo, ngakhale mpando anaumata ndi labala. kuno ndataya mabaluni, chofufutira pensulo, kampira kosambira nako, mpaka lasitiki wa m'kabudula ndikumasula. ndimutengere kumeneko akafere kutali? chipatala maola atatu pa njinga yamoto

15:49 Erivan: tichotsa zonse. ndikolopa ndekha

15:50 Jucilene: utsi wa m'denga mukolopa? manja a ababa mukolopa?

15:53 Erivan: iwe unayamba kale kunyansidwa nako kuno. uli ku sekondale unkachapa yunifomu kawiri kuti anzako mutauni ku Rio Branco asamve fungo la labala. pano wapeza chifukwa chabwino

15:54 Jucilene: zoona?

15:54 Jucilene: mwandiuza zimenezo ine?

15:58 Jucilene: 🎤 mawu, 0:41
"Inu simunalipo. Ndinathamanga naye pamsewu ali lende, milomo itada, akundiyang'ana osatha kunena kuti amama. Wa takisi anachita kudutsa maloboti ofiira. Tinsapato ta ababa tinatsala pang'ono kundiphera mwana, mwamva? Ndipo ndikudziwa kuti anatipanga ndi mtima wonse, n'chifukwa chake pakamwa pakundilemera. Ndiye musandiuze za yunifomu."

16:30 Jucilene: mwamvera?

17:12 Jucilene: achimwene

LOWERUKA

08:20 Erivan: Juci ndalakwitsa

08:21 Erivan: uthenga wako unalowa m'foni ndili pachitunda koma ndinakautsegula kunyumba. sindinadziwe kuti ababa ali kuseri kwa chitseko akunola mpeni. amva zonse

08:22 Jucilene: mayo ine

08:22 Jucilene: anati chani

08:24 Erivan: anangoti bwereza. ndinabwereza. kenako anapachika mpeni nkukakhala pa khonde

08:25 Erivan: lero sanapite kotema. makapu olandirira mkaka ali m'mitengo chidzadzire, mkaka ukuuma. chibadwire sindinaonepo atajomba nthawi ya chilimwe, ngakhale tsiku lotsatira maliro a amayi anapita

08:26 Erivan: za yunifomu zija pepa. ndinalankhula zopusa

08:40 Jucilene: adya?

08:41 Erivan: khofi yekha

08:43 Jucilene: auzeni kuti si vuto lawo. auzeni kuti Maiara ali bwino akusewera, akufunsa za agogo

08:44 Erivan: ndawauza kale kawiri. angoyang'ana manja awo

LOLEMBA

13:05 Jucilene: kuli bwnj uko

13:50 Jucilene: mwangoti zii bwanji

LACHIWIRI

09:33 Erivan: tili pachitunda ndi ababa. anandidzutsa okha kuti tiye. Juci manja awo ali ofiira, akhala akuwakhula ndi mchenga ndi mandimu kuyambira Lamulungu. ming'alu ikutuluka magazi, ndawaletsa sakumva

09:36 Erivan: 🎤 mawu, 0:52
"Jucilene. Usalire, sunalakwe. Mwana asabwere kuno, ndamva. Mpira ndi kachikwama ndapatsa ana a aneba athu a Dona Zuleide. Ine ndinayamba kutema ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, sindidziwa ngati zimenezi zimachoka m'khungu. Ndiye ukafunse kwa adokotala akowo. Ndikasiya kutema mwezi wathunthu, nkugula malaya atsopano ku Xapuri, nkukasamba kwanuko ndi sopo wanu ndisanalowe m'nyumba... ukawafunse ngati ndingamunyamule. Ngati akana, ndidzangoima pageti, iye aime pazenera. Ukafunse bwino, usaope kundiuza."

09:37 Jucilene wamvera uthenga

09:41 Jucilene akulemba...

09:44 Jucilene akulemba...

10:02 Erivan: Juci

10:19 Erivan: dzuwa lakula, ndawauza titsike tikadikire kunyumba

10:20 Erivan: akana. akhala pa mwala, foni akuti ndiisiye yoyatsa