Sitima Yanu Yosafuka Utsi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kunjako. Kuno ku Makhanga tilipo, kungoti miyendo ya amayi yayambanso kutupa.

Kanema wa sitima yapamadzi imene mukugwiramo ntchito tinaonera. Akuti imayendera magetsi, siifuka utsi, ndipo anthu amamwa tiyi osatayika ikamayenda m'mbali mwa nyanja. Zanu zinayera!

Lachiwiri ndinapita ndi amayi kuchipatala. Msewu unadukanso ndi madzi, ndiye tinakwera boti lija la injini yotsokomola. Pakati pa Shire injini inazima, madzi n'kuyamba kulowa. Mwini boti akupalasa, ine ndinagwada n'kumakapa madzi ndi chigubu chodula, chitenje chitanyoweratu, maso akuwawabe ndi utsi. Nanga amayi? Anatulutsa foni n'kumaonetsa aliyense sitima yanuyo. Amvekere, "Mwana wanga uyu ndiye amadziwa za pamadzi."

Sindinama, mtima unandiwawa. Inu amene munkalira bwato likangogwedezeka pang'ono!

Mutumizeko mankhwala a miyendo aja. Mulungu akusungeni. Koma mukadzaimba foni, muwakumbutse amayi kuti amene anakapa madzi mpaka kutsidya ndine.

Mlongo wanu,
Esinati