Dontho Lidzandiyankhira

Okondedwa malume,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kuvuta. Kuno tili bwino, ntchito ndi yomwe ija yokonza timapaipi tapulasitiki tolowetsa m'mitsempha ya odwala. Pulasitiki ngwamakani, malume: magazi akamukhudza amaundana. Zaka zitatu ndakhala ndikumunyengerera mpaka ndinapeza njira. Timamuwalitsa kaye ndi nyale yapadera, kenaka n'kumuviika m'mankhwala. Umboni wake ndi dontho la madzi: pa kapaipi kosakonza limangokhala ngati mkanda, pa kokonza limafalikira.

Bwana wathu walemba lipoti la njirayi, dzina langa mulibe. Nditafunsa anati, "Iwe ntchito yako n'kutsuka mabotolo." Zina zimene ananena atatseka chitseko ndidzakuuzani pamaso. Amayi musawauze.

Lachisanu akaonetsa yekha njirayi kwa alendo. Chimene sadziwa n'chakuti kapaipi kakachoka panyale kamayenera kuviikidwa mphindi zisanu zisanathe, apo ayi zakanika. Izi sindinalembe paliponse, ndipo mkuluyu akayamba kulankhula samaliza msanga.

Akamadzadonthetsa madziwo, ine ndidzakhala kumbuyo, phee, ndikutsuka mabotolo.

Moni kwa onse kunyumba.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
wotsuka mabotolo uja.