Mutu wa a Eluby Sukuoneka pa Chithunzi

ASSOCIAÇÃO YA ALIMI A MBATATESI YA TIKOLOLE, NTENGO-WAMBALAME
Zolembedwa za msonkhano wa komiti

Tsiku: Loweruka, 14 Junho 2025
Malo: M'nyumba yosungira mbewu ya bungwe
Analipo: a Estêvão Jordão (Wapampando), a Graça Ricardo (Mlembi), a Eluby Kachingwe, a Cornélio Dzimbiri, a Justino Saulosi (Wojambula)
Sanabwere: a Filomena, anapita kumaliro ku Chidzolomondo, a Limbani, anatumiza uthenga woti akudwala, ngakhale njinga yawo inaoneka pamsika ili bwinobwino.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano ndi pemphero nthawi ya 9 horas. A Justino anati amen ali panja, pa zenera, monga mwa masiku onse. Iwo ndi mkamwini wa a Eluby, anakwatira mwana wawo Yolanda zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ali naye mwana dzina lake Aida, ndipo mwa mwambo sayang'ana apongozi awo kumaso kapena kuyankhula nawo.

2. Chithunzi cha ku feira

Wapampando anakumbutsa komiti kuti munda wa a Eluby ndi umene wapambana chaka chino, ndipo alangizi akufuna chithunzi cha mwini munda pofika Lachitatu kuti chikapachikidwe pa feira, chionetsero cha zaulimi cha ku Tsangano. Chikapanda kufika, malowo apatsidwa kwa mlimi wa kwina. A Eluby anati alima zaka makumi atatu chibwerere kuchokera ku Malawi, ndipo sangalole kuti pa khoma lawo pakamwetulire munthu wina.

A Justino, amene bungwe linawatumiza ku maphunziro a kamera kwa masiku atatu, anapereka kamerayo kudzera pa zenera. Munali zithunzi 23. Zisanu ndi zinayi zinaonetsa mapazi a a Eluby ndi khasu. Zisanu ndi chimodzi zinaonetsa mbatatesi mokongola kwambiri, chitenje, ndi munthu wothera m'khosi. Zisanu anazijambula atabisala kuseri kwa nkhokwe, nkukoka chithunzi ndi kachitsulo kokokera zakutali, moti Wapampando anafunsa chifukwa chake bungwe likujambula zitsa. Zitatu zotsalazo anaika kamera pa thumba, nkutchera kawotchi kake kowerenga mpaka khumi, nkuthawa. Zonse zitatu zinaonetsa msana wa a Justino ali pa liwiro.

Mlembi akufuna zidziwike kuti pamenepa sanaseke. Anatsamwa.

3. Pempho la a Cornélio

A Cornélio anapempha kuti kamera ilandidwe kwa a Justino ndi kuperekedwa kwa iwo, popeza alibe apongozi owaopa. Komiti inavomereza kuti zimenezi ndi zoona kuyambira chaka chatha, pamene akazi awo anawalongedzera katundu.

Wapampando anafunsa a Cornélio kuti pojambula, dzuwa liyenera kukhala mbali iti. A Cornélio anati dzuwa ndi la Mulungu, limakhala pomwe lafuna. Atapatsidwa mwayi wojambula Wapampando, chithunzi chinatuluka cha chala chawo chachikulu.

A Justino anapempha kuyankhula. Anati kamera imeneyi amaipukuta diso ndi kansalu kake, ndipo sinagwepo. Anafotokoza kuti dzuwa limakhala kumbuyo kwa wojambula kapena chammbali, m'mawa kapena madzulo, osati masana pamene duku limaphimba maso ndi mthunzi. Zigongono umazikanikiza m'nthiti kuti manja asagwedezeke. Kabatani umakadina theka, kakalira ndiye umalizitsa. Kukoka zakutali kumawononga chithunzi, ndi bwino kusendera pafupi ndi miyendo yako. Ndipo diso la kamera liyenera kulunjika m'maso mwa munthuyo.

"Zonsezi ndimazidziwa, a Presidente," anatero. "Koma ndikangokweza kamera kufika paphewa pawo, khosi langa limagwa lokha."

Wapampando anati kuyang'ana pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera si kuyang'ana munthu. A Justino anati anayesa, koma pa kagalasipo apongozi anaphethira, ndiye kuti ndi iwo ndithu. Mfundoyi inakambidwa kwa mphindi makumi awiri osamvana.

4. Mawu a a Eluby

A Eluby anati komiti yonse ikutaya nthawi ngati kuti sinakulire pamudzi. Mwambo uli ndi njira yake: mpongozi akapereka nkhuku kwa mkamwini pamaso pa anthu, manyazi amathera pomwepo. Wapampando anafunsa chifukwa chake sanachite zimenezi zaka zonsezi. A Eluby anati mkamwini woopa amalima mizere yowongoka, ndiponso sabwera kudzabwereka nkhwangwa. Anawonjezera kuti kumuona bambo wandevu akudumphira m'chimanga akakumana nawo panjira kunkawatsitsimutsa mtima.

Kuchokera pa zenera kunamveka mawu amene Mlembi sanawalembe.

Komiti inagwirizana kuti nkhuku iperekedwe lero lomwe. Msonkhano unaimitsidwa kuti mamembala akaigwire kwa a Eluby. Zinatenga mphindi makumi anayi. Wapampando anagwa kawiri, ndipo anapempha kuti kachiwiriko kasalembedwe.

A Eluby anapereka nkhukuyo nati, "Atate a Aida, landirani. Kuyambira lero ndiyang'aneni, sindiluma." A Justino anailandira ndi manja awiri atagwada, maso ali pa nkhuku.

5. Kujambula

Poti dzuwa linali litafika pamutu, a Justino anapempha kuti a Eluby aime pamthunzi wa khoma, nkhope italoza kowala, dengu la mbatatesi lili m'manja. Anasendera masitepe atatu. Anakweza kamera mpaka pachifuwa, nkuima. A Eluby anati, "Kwezani, akamwini, mutu wanga suli pamenepo." Anakweza. Kamera inalira kamodzi.

Komiti inaona chithunzicho ndipo inavomereza kuti mutu ulipo. Chigamulo: kamera ikhalebe ndi a Justino, ndipo chithunzi chipite ku Tsangano Lolemba. A Cornélio anabweza pempho lawo ponena kuti kamerayo ndi yaing'ono kale, si ya msinkhu wawo.

6. Zina ndi zina

A Eluby anapempha kuti nawonso aone. Anagwira kamera patali ndi maso, kenako pafupi, nkumangochiyang'anitsitsa mpaka Wapampando anafunsa ngati pali cholakwika.

"Awa si ine," anatero. "Awa ndi amayi anga. Masaya omwewa, diso lomweli."

Anafotokoza kuti mayi awo anamwalira 1989 ali kothawa nkhondo ku Malawi, anaikidwa komweko, ndipo sanajambulidwepo. Anati zaka zonsezi akhala akuyesa kukumbukira nkhope yawo, ikukana kubwera. Mlembi akuvomereza kuti apa analira, ndipo sachita nazo manyazi.

A Justino, amene tsopano anali atakhala m'kati, anayang'ana apongozi awo nkufunsa, "Amayi, ndijambulenso china?"

"Ayi, mwananga. Chomwechi. Koma ku Tsangano akapachike chawo. Changa mundibweretsere kunyumba."

Komiti inagamula kuti zitsukidwe ziwiri. Panalibe wotsutsa.

7. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzachitika Loweruka, 12 Julho 2025, malo omwewa. Wapampando anapempha a Eluby kuti atseke ndi pemphero. Iwo anapemphera maso ali otsegula, kamera ili m'manja. Msonkhano unatha nthawi ya 13 horas.

Estêvão Jordão, Wapampando ____________________

Graça Ricardo, Mlembi ____________________