Mawu a Pamwala wa Bambo

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kukuvutani. Kuno tili bwino.

Dzana ndinapita kosungira zolemba zakale kukaona makalata amene malemu bambo ankalemberana ndi mkonzi wa mabuku awo. Mukukumbukira chiganizo cha m'buku lawo chimene tinalembetsa pamwala wa pamanda, inu n'kuchiwerenga pagulu misozi ili mbwembwembwe? Si chawo, malume. Anachiikamo ndi mkonziyo. Bambo anamulembera kuti, "Chotsani zachibwanazi, anthu angayese ndalemba ndine."

Pobweza katoni ya makalatayo, mayi wapakauntala anandifunsa ngati wolembayo ndi m'bale wanga. Ndinakana.

Amayi amakapukutabe mwala uja Loweruka lililonse. Ine sindinawauze. Ndiye kaya, inu ndinu mlongo wawo.

Moni kwa onse kunyumbako.

Ine,
mwana wa mlongo wanu