Chibwano cha Mdzukulu Wathu Chapola

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga. Bondo lija likuti bwanji? Ngati mukupalasabe njinga, musandinamize poyankha. Ine kuno ndili bwino, kupatula masitepe a nyumba ya mwana wangayu, omwe sachepa ngakhale ndiwadandaulire chotani.

Ndikulemba ndi chimwemwe chachikulu. Mdzukulu wathu Mtalimtali amulemba ntchito yokhazikika kuhotela! Koma padangotsala pang'ono kuti ntchitoyi imupulumuke, ndipo chifukwa chake ndi ndevu.

Poyamba adamutenga mongoyesa, kuti aziperekera zakudya kwa alendo. Lamulo lakumeneko ndi lakuti mwamuna azifika atameta bwino, atavala malaya oyera, kolala atamanga mpaka m'khosi. Mnyamata adayamba kumeta m'mawa uliwonse. Posakhalitsa khosi ndi chibwano zidatuluka tiziphuphu, tina tamafinya, ndipo kolala ikatikhula tinkachucha magazi. Abwana ake adamuitanira pambali n'kumuuza mwaulemu kuti alendo sangadye akuyang'ana zimenezo, ndipo zikapanda kusintha adzatsanzikana nthawi yoyesa ikatha. Iye adaganiza kuti sakumeta mokwanira, ndiye adayamba kudzipala ngati akuchotsa mamba a nsomba.

Tsiku lina ndidamupeza chitseko cha kubafa chili chotsegula, ndipo ndidaima n'kuonerera. Nkhope inali youma, lezala yakalekale. Ankakoka khungu ndi zala, n'kumameta chokweza kuchokera kukhosi, kubwereza malo omwewo kasanu. Atatha adadzithira spiriti n'kuyamba kuvina ndi ululu. Nditamufunsa yemwe adamuphunzitsa, adandiyankha monyadira kuti ndinu, Achimwene, chaka chija ankakhala kwanuko. Akuti mudamuuza kuti thovu n'la makanda, ndipo kuwawa kwa spiriti ndiye mankhwala.

Ndidamukhazika pawindo, ndidavala magalasi anga owerengera, n'kuyang'anitsitsa. M'kachiphuphu kalikonse munali katsitsi kopindika. Wometa wa mumsewu mwathu adandifotokozera kuti ndevu zopotana ngati zakwathuzi zikadulidwa mozama kwambiri, zimati zikamamera zimapinda n'kubaya khungu ngati munga. Adati choyamba khungu lipume. Mtalimtali adapempha abwana kuti ayambe watsuka makapu kumbuyo, komwe alendo samuona, ndipo adamulola. Pa nthawiyo sadakhudze lezala, ndipo ndinkamumenya dzanja akafuna kufinya. Tiziphuphu tidaphwa.

Koma mutu wake ndi wouma ngati wanu. Adaumirira kuti kametedwe ka agogo ake aamuna sikangakhale kolakwika, mwina vuto linali sopo wochapira malaya. Mukudziwa kuti pa zaka zanga zonse zauphunzitsi sindinkachonga yankho lopanda njira yake. Ndiye ndidagawa nkhope yake pawiri. Kumanja azimeta mwa inu. Kumanzere mwa ine: ayambe wafunditsa thaulo lonyowa ndi madzi ofunda, apake thovu lambiri, atenge lezala yakuthwa, amete motsatira komwe ndevu zagonera, asakoke khungu, asabwereze, atsuke ndi madzi ozizira, apake mafuta osanunkhira. Spiriti ayi.

Mayi ake adakalipa kuti mwana wawo si munda woyesera mbewu. Mlongo wake adamupatsa dzina lakuti Theka-theka, n'kumamufunsa pa chakudya kuti lero adyera tsaya la agogo ati. Ine sindidawamvere. M'mawa uliwonse ndinkamuimika pawindo n'kuwerenga ndi nsonga ya pensulo.

Achimwene, khalani pansi. Potsiriza, kumbali yanu ndidawerenga tiziphuphu makumi awiri ndi titatu. Kumbali yanga tiwiri, ndipo tiwirito tinali pomwe kolala imakhula. Ndidabwereza kuwerenga kuti asati ndakondera, ndipo mlongo wake adawerenganso payekha. Mtalimtali adayang'ana pagalasi kwa nthawi yaitali, kenako adatenga lezala yakale ija n'kukaiponya m'bini. Pomwepo nkhope yonse idalowa m'manja mwanga, ndipo tidadikira kuti mbali yanu ipole.

Dzulo ndiye linali tsiku lomaliza loyesedwa. Ndidamusitira ndekha malaya, ndipo tsiku lonse ndidalephera kukhala pampando. Madzulo ndidamva munthu akukwera masitepe modumpha. Adalowa akufuula, adandinyamula m'mwamba mpaka patapata kundivuka, ine ndikukuwa kuti anditsitse ndisanathyoke. Akuti abwana adamuuza kuti akweze chibwano, adamuyang'ana mbali zonse, n'kumufunsa ngati wabwereka khosi la munthu wina. Mawa akuyamba kutumikira alendo m'chipinda chachikulu chodyera!

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Akapeza tchuthi choyamba akufuna kubwera kudzakuthokozani, chifukwa amakukondani ndipo akuopa kuti mukhumudwa. Mukadzaona akupempha madzi ofunda ndi thaulo, musadzamuseke pamaso pa anyamata, ndipo lumo lanu lisadzayandikire chibwano chake. Ntchito ya mwanayu ili pakhosi pakepo. Ndiponso ngati mpango womwe mumamanga m'khosi ngakhale kukutentha ukubisa zomwe ndikuganizazi, musadzachite manyazi. Mudzakhale pampando, mudzakweze mutu, akumeteni iyeyo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa ana anu ndi apongozi anu onse, kwa azakhali athu ngati makutu akumvabe, ndi kwa zidzukulu zomwe sindidazionebe. Kuno mwana wanga ndi ana ake akuti moni wambiri.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Aphunzitsi opuma